Kamera yakale ya maso awiri: iyeseni chonchi musanatulutse ma dola anu

Abale anga a kuno ku Harare, makamaka inu amene mwayamba kukonda kujambula ndi filimu, funso limene anthu amafunsa akaona kamera ya stereo kwa wogulitsa ndi lakuti "kodi ikugwira ntchito?" ndipo wogulitsayo amangodina batani, kamera nkulira kuti tche, basi nkumati mwamva nokha bwana. Funso limenelo ndi losakwanira. Kamera ya stereo ndi makamera awiri m'thupi limodzi, lenzi yakumanzere imajambula zimene diso lakumanzere likuona, yakumanja chimodzimodzi, ndiye mukadzayang'ana zithunzi ziwirizo pamodzi ubongo wanu umaziphatikiza nkuona kuti ichi chili pafupi, icho chili patali, ngati mwaimanso pamalo pomwepo. Choti mufunse nchakuti mbali ziwirizi zikugwirizana kapena ayi. Zili ngati ng'ombe ziwiri pagoli limodzi, ina ikamatsogola ina ikutsalira mzere umakhota ngakhale zonse zili zamphamvu. Kamera ikhoza kutulutsa chithunzi chabwino kumanzere, chabwinonso kumanja, koma ngati china chawala china chada, kapena china chajambulidwa mochedwa pang'ono, mukaziika pamodzi maso amapweteka mutu nkuyamba kuwawa.

Makamera amenewa anatchuka kwambiri m'ma 1950, nthawi yomwe agogo athu ambiri ankachoka ku Nyasaland kubwera ku Salisbury, Harare ya lero, kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'nyumba za azungu, masiku a Federation ya 1953 mpaka 1963. Ndiye mukaigwira m'manja dziwani kuti mwagwira chinthu cha zaka pafupifupi 70, mafuta amene anaikamo ku fakitale anauma kalekale.

Iti yodalirika?

Ine ndinena mosabisa, ngati mukuyamba kumene funani Stereo Realist. Anaipanga ndi Seton Rochwite, kampani ya David White ya ku Milwaukee ku America nkuyamba kuigulitsa mu 1947, ndipo anapitiriza kupanga mpaka 1971. Ndi yachitsulo, yolemera, ilibe batire, ilibe waya wa mita yoyezera kuwala woti nkuwola, zonse ndi masipilingi ndi magiya. Imadya filimu wamba ya 35mm ndipo pa filimu ya zithunzi 36 mumapeza mapeya pafupifupi 29 (peya ndi zithunzi ziwiri, chakumanzere ndi chakumanja), chithunzi chilichonse ndi cha 23 kwa 24 mm. Yofala kwambiri ndi ya ma lenzi a 35mm f/3.5, shutter yake, kachitseko kotsegulira kuwala pojambula, imayambira sekondi imodzi kufika 1/150 ya sekondi, ya f/2.8 iliponso koma ndi yodula ndipo kwa munthu wojambula padzuwa lathuli kusiyana kwake simukuona kwenikweni. Kagwiridwe kake nkachilendo, zenera loyang'anira lili pansi osati pamwamba ndiye kamera imatsamira pachipumi, shutter mumaikoka nokha ndi kachitsulo kakutsogolo musanajambule, ndipo mukamapotoza focus ma lenzi sasuntha, chimasuntha ndi pogona filimu mkatimo. Anthu ena zimawatopetsa zimenezi. Koma kusalumikizana kwa zinthu kumeneku nkumene kumapangitsa kuti china chikavuta chisakokere zinzake kudzenje, ndipo munthu wodziwa kukonza mawotchi akale akhoza kuitsegula nkumvetsa zimene zikuchitika. Matenda ake odziwika ndi kuwala kolowera m'mbali mwa chitseko chakumbuyo, rangefinder (kachipangizo koyezera mtunda poika focus) yosokonekera kapena yachita mdima, ndi chivundikiro cha ma lenzi chimene chimathyoka. Zoyambirira zinalibenso choletsa kujambula kawiri pamalo amodzi.

Kodak Stereo Camera, imene inapangidwa kuyambira 1954 mpaka 1959, ndiyo yosavuta kugwiritsa ntchito pa onsewa. Ndi yopepuka, mukapukusa filimu shutter imadzikoka yokha, ndipo muzenera muli kadontho ka levulo kokuuzani ngati kamera yapendekeka, chinthu chofunika zedi pa stereo. Ma speed ake ndi 1/25 mpaka 1/200 ndi B, imene imasiya shutter yotsegula nthawi yonse imene mwagwira batani. Vuto lake ndi lakuti shutter imakonda kuchita ulesi mafuta akauma, ndipo thupi lake ndi la bakelite, pulasitiki yakale youma imene ikagwa pa simenti imang'aluka osati kupindika. Yotsukidwa kale ndi katswiri ndi kamera yabwino kwambiri. Yongotuluka m'kabati ya munthu, werengerani ndalama yokonzetsa.

Sputnik ya ku Leningrad, ya m'ma 1950 ndi 1960, imadya filimu ya 120 ndipo pa rolo mumapeza mapeya 6 okha a 6x6, ma lenzi ake ndi 75mm f/4.5. Zithunzi zake zikatuluka bwino mumaiwala kupuma, sindikunama. Koma imafuna munthu wokonda kukonzakonza: zitseko zimalowetsa kuwala, mkati mwake mumanyezimira ndiye muyenera kumata nsalu yakuda yosawala, ndipo ma lenzi awiriwo kawirikawiri amapezeka kuti focus yake yasemphana. Kuonjezera apo filimu ya 120 ndi yovutirapo kupeza kuposa ya 35mm. Isakhale kamera yanu yoyamba.

Achinyamata ambiri akufuna Nimslo ndi Nishika chifukwa cha zithunzi zogwedezeka zija za pa Instagram. Nimslo inatuluka kumayambiriro kwa ma 1980, ili ndi ma lenzi anayi a galasi, imadziyezera yokha kuwala pa ISO 100 kapena 400 basi (ISO ndi nambala yosonyeza mmene filimu imamvera kuwala), ndipo pa filimu ya 36 mumapeza 18. Ndi yabwino ikakhala yamoyo, koma moyo wake uli pa mabatire ndi tizipangizo tamagetsi, tikafa ndiye kuti yafa, wokonza mawotchi sangakuthandizeni. Nishika N8000 ya chakumapeto kwa ma 1980 imaoneka yaikulu yapamwamba koma ndi pulasitiki yokhayokha, speed imodzi, ndipo anaikamo chitsulo pansi kuti izimveka yolemera m'manja. Magiya ake opukusira filimu ndi osalimba, musaikakamize. FED Stereo ya ku Kharkiv nayo imadalira batire ndi mita. Belplasca ya ku Dresden ili ndi ma lenzi a Tessar akuthwa kwambiri koma ndi yosowa ndi yodula. View-Master Personal ya 1952 imapereka mapeya ochuluka, pafupifupi 69 pa rolo, kungoti tizithunzi take nting'onoting'ono ndipo popanda makina ake odulira ndi ma reel opanda kanthu, timakatoni tozungulira toikamo tizithunzito, simufika patali.

Kuyesa kwenikweni

Mukapita kukaona kamera, kaya ndi ku flea market ya ku Avondale, kaya kwa munthu amene akugulitsa katundu wa malemu, tengani zinthu izi m'thumba: foni, tochi yaing'ono, filimu yakale yoonongeka yoyesera, cholembera cha maka, ndi kapepala kopyapyala koonekera kaja kokopera zithunzi. Wogulitsa woona mtima sangakane kuti mukhale nayo mphindi 20. Akamakufulumizitsani kuti ena akuifuna, asiyeni aitenge enawo.

Yambani ndi ma shutter chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Tsegulani kumbuyo, lozetsani kamera kumwamba kowala kapena kukhoma loyera, ikani pa B, dinani nkugwira. Mabowo onse awiri atseguke mpaka kumapeto, ndipo mukasiya atsekeke nthawi imodzi mosazengereza. Kenako dutsani ma speed onse mmodzimmodzi, uliwonse kangapo. Pa Realist mvetserani sekondi imodzi ija, imveke kulira kosalala mpaka kutseka, ikamaima panjira nkuyambanso ndiye kuti mafuta auma. Tsopano apa ndi pamene foni imathandiza: ikani pa slow motion, jambulani kumbuyo kwa kamera mabowo onse awiri akuoneka, dinani shutter pa speed yotsika ngati 1/25 kapena 1/10, kenako onerani pang'onopang'ono. Kuwala kuyenera kuoneka mbali zonse pa nthawi imodzi nkuzimanso pamodzi. Ngati mbali imodzi ikutsalira, chilichonse choyenda, mwana wothamanga, kombi yodutsa, ngakhale masamba ogwedezeka ndi mphepo, chidzakhala pamalo osiyana pa zithunzi ziwirizo ndipo mukamayang'ana chizidzaoneka chikuthwanima ngati mzukwa. Zimenezo kompyuta singakonze.

Mukatha pamenepo onani aperture, kabowo kolowera kuwala m'lenzi kamene kukula kwake kumasonyezedwa ndi manambala a f aja. Mukadali pa B, tsitsani pang'onopang'ono kuchoka f/3.5 kufika f/16 kapena f/22 mukuyang'ana timabowo tiwirito. Tikhale tofanana kukula pa nambala iliyonse, makamaka kumapeto kocheperako chifukwa nkumene kusiyana kwakung'ono kumasanduka kwakukulu. Yang'ananinso ngati pa timasamba ta aperture pali mafuta onyezimira, amenewo amadzamatirira tsiku lozizira la mu June.

Tochi ndi ya ma lenzi. Walitsani kuchokera kumbuyo inu mukuyang'ana kutsogolo mopendekera. Fumbi pang'ono lisakuopseni, palibe lenzi ya zaka 70 yopanda fumbi. Choopsa ndi nkhungu, imaoneka ngati ulusi wa kangaude kapena timizu toyera, ndi chifunga chija chimene chimapangitsa galasi kuoneka ngati lapakidwa mkaka. Pa kamera wamba mukhoza kupirira chifunga chochepa, koma pa stereo chikakhala pa lenzi imodzi yokha diso limodzi liziona dziko loyera lina loziya, ndipo mudzazimva msanga.

Focus iyeseni ndi kapepala kaja. Kayaleni pa njanji pamene pamagona filimu, mosakhwinyata, tsegulani aperture yonse, shutter pa B, focus pa infinity (poonera zakutali kwambiri), lozetsani ku chinthu chakutali ngati nsanja ya foni kapena nyumba zazitali za m'tauni. Dziphimbeni ndi jekete kuti muone bwino. Chithunzi chimaoneka chozondoka koma chikhale chakuthwa mofanana kumanzere ndi kumanja. Bwerezani pa chinthu cha pa mamita awiri. Ngati kamera ili ndi rangefinder onani ngati ikuvomerezana ndi zimene pepala likuonetsa, ikasemphana si mlandu waukulu chifukwa mukhoza kumangoyerekeza mtunda ndi maso, ma lenzi a 35mm pa f/11 amakhululuka kwambiri. Koma ma lenzi awiri osemphana okhaokha ndi nkhani ya katswiri.

Chomaliza ndi kayendedwe ka filimu, ndipo ambiri amadumpha pamenepa nkudzalira pambuyo. Pa Realist ndi Kodak zithunzi za peya imodzi sizigundizana, pakati pake pamalowa zithunzi zina ziwiri za mapeya ena, ndiye filimu ikangoyenda mopitirira kapena moperewera ndi timabowo tiwiri zithunzi zimakwerana rolo yonse. Ikani filimu yoyesera ija, chitseko chili chotsegula, kanikizani filimu pang'ono ndi chala kuti mano a giya aigwire, lembani ndi maka malire a mawindo awiriwo, pukusani, lembaninso, mpaka kasanu kapena kupitirira. Mukaitulutsa mabokosi amene mwalembawo akhale mondondozana osalowana. Mvetseraninso m'manja, kupukusa kukamalimba mpaka kung'amba timabowo ta m'mbali ndiye kuti pali chouma kapena chopindika. Yesaninso kubweza filimu m'chitini chake mpaka kumapeto.

Ngati mukugula pa intaneti kuchokera kunja, zonsezi simungachite nokha, ndiye pemphani vidiyo ya kumbuyo kotsegula shutter ikugwira, ndipo funsani ngati anaijambulirapo filimu posachedwa, akuonetseni zithunzi zake zosadula. Mawu akuti "untested" muziwamva kuti "yoonongeka" pokonza bajeti. Pa mtengo onjezerani zotumizira, msonkho wa ZIMRA, ndi ya munthu wokubweretserani kuchokera ku Johannesburg ngati mwadzera njira imeneyo, ndipo kumbukirani kuti kubweza katundu kuchokera kuno nkovuta. Ine ndimaona kuti nkwabwino kulipira zambiri pa imodzi yotsukidwa kale kusiyana nkugula ziwiri zotchipa zakufa.

Rolo yoyamba

Musaike filimu yodula, ndipo musayesere paukwati wa mlongo wanu chonde. Tengani yakuda ndi yoyera ya ISO 100 kapena 125 monga Fomapan 100 kapena Ilford FP4, kapena ya kala yotchipirapo. Ndikunena ISO yotsika dala: makamera a Realist ndi Kodak anapangidwa nthawi imene filimu inali yofooka kwambiri, speed yawo yapamwamba ndi 1/150 kapena 1/200, ndipo Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, dzuwa lake ndi lakuthwa. Ndi ISO 100 masana kopanda mitambo ikani f/16 pa 1/100, pamthunzi tsegulani kufika f/5.6. Mukaika ISO 400 masana pothawira ndi pochepa kwambiri.

Matani tepi yakuda ya mawaya amagetsi kuzungulira chitseko pa theka la rolo, theka linalo chotsani, mukatero mudzadziwa ngati kuwala kukulowa ndi polowera pake. Lembani m'kabuku speed ndi aperture ya peya iliyonse. Jambulani khoma loyera pa speed iliyonse kuti muyerekeze kuwala kwa mbali ziwiri, jambulaninso chinthu choyenda.

Pojambula gwirani malamulo awiri. Kamera ikhale yowongoka, osapendeketsa, osaiimika choimirira ngati foni chifukwa maso athu ali chopingasa. Ndipo chinthu chapafupi kwambiri chisayandikire kuposa mamita awiri, lamulo lake ndi lakuti mtunda ukhale pafupifupi ka 30 kuchulukitsa mpata wa pakati pa ma lenzi, umene pa Realist ndi 70mm. Koma musajambulenso zakutali zokhazokha, mukaima pa Kopje nkujambula tauni popanda kanthu patsogolo chithunzi chimatuluka chafulati ngati wamba. Funani malo a magawo: nthambi pafupi, munthu pakati, nyumba kumbuyo. Misewu ya ma Avenues jacaranda akachita maluwa mu September ndi October, miyala yosanjikizana ya ku Epworth, milu ya tomato ndi anthu ake ku Mbare Musika, zimenezo ndiye chakudya cha kamera iyi. Pamsika pemphani kaye musanajambule munthu. Ndipo mukafuna kujambula Gule Wamkulu kumene abale athu akuvina, pitani kwa akuluakulu a mwambo mukapemphe, akakana mwakanidwa, kamera ibwerere m'chikwama.

Kotsukitsa filimu muwauze kawiri konse kuti asadule, akupatseni yonse yamtunthu. Makina awo anazolowera chithunzi cha 24 kwa 36, akaona tizithunzi ta sikweya amadula pakati penipeni kapena kusikana theka la ichi ndi theka la icho. Ndipo musanagule kamera nkomwe yambani mwafufuza kumene muzidzatsukitsa. Filimu ya kala wamba imatsukidwa ndi mankhwala otchedwa C-41, ya slide, imene imatuluka ndi chithunzi chenicheni pa filimu pomwepo osati negative, imafuna E-6 imene ndi yosowa kwambiri, konzekani kutumiza ku South Africa. Yakuda ndi yoyera mukhoza kutsuka nokha kunyumba ndi katanki, chikwama chamdima ndi mankhwala awiri, sizifuna ngakhale magetsi, ndipo ndi njira imene ndimalimbikitsa aliyense wa kuno.

Makamera a Realist ndi Kodak anapangidwira slide, makamaka Kodachrome, imene Kodak anasiya kupanga mu 2009 ndipo kutsuka kwake kunatha kumapeto kwa 2010, ndiye mukapeza rolo yakale ya Kodachrome m'chikwama cha kamera musayembekezere kala. Ektachrome E100 inabwerera mu 2018, ndipo slide yoikidwa mu kafelemu kake (mount) nkuiyang'ana mu kabokosi koonera ka nyali (viewer) palibe sikirini imene ingafanane nayo. Koma kuyamba simufunika zimenezo. Jambulani negative ndi kamera ya digito kapena sikana, ikani mu StereoPhoto Maker, pulogalamu yaulere ya Masuji Suto wa ku Japan, imalinganiza yokha zithunzi ziwirizo, kenako muzione ndi magalasi ofiira ndi abuluu kapena moyandikana pa foni mu kabokosi ka VR. Mukaona kuti zakutali zikubwera kutsogolo zapafupi zikulowa mkati, kamera ilibe mlandu, mwangosinthanitsa lamanzere ndi lamanja.

Kuisunga kuno kwathu

Adani ndi atatu, chinyontho cha dzinja kuyambira November mpaka March, fumbi la August ndi September, ndi kutentha kwa October. Chikwama chachikopa chimene imabwera nacho nchokongola koma chimasunga chinyontho nkubereka nkhungu, ndiye chisungeni padera. Kamera ikhale m'kontena yotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel, timene timabwera m'mabokosi a nsapato, ndipo muziyanika timapaketito nthawi ndi nthawi. Musaisiye m'galimoto yoimikidwa padzuwa, mafuta akale amasungunuka nkuyenderera pa timasamba ta shutter. Mabatire a Nimslo kapena FED achotseni mukamaisunga, amadontha nkudya zitsulo.

Kamodzi pamwezi itulutseni mudine ma speed onse ngakhale mulibe filimu, makina awa amafa msanga chifukwa chongokhala kusiyana ndi kugwira ntchito. Poisunga shutter ikhale yodinidwa kale kuti sipilingi ipume. Ndipo ndikupemphani, WD-40 kapena mafuta a makina osokera asayandikire, mukathira lero imayenda bwino mawa lake zonse zamatirira ndipo nthunzi yake yafika pa galasi. China chikalimba musakakamize, imani. Mukapita nayo kwa wokonza muuzeni kuti asasinthanitse ma lenzi kapena kutaya timawashala topyapyala ta kumbuyo kwake, ma lenziwa anawasankha awiriawiri ku fakitale ndipo chilichonse chibwerere mbali imene chinachokera, alembe L ndi R asanamasule.

Filimu isungeni m'firiji m'kontena yotseka, magetsi akazima musade nkhawa, ingosiyani chitseko chotseka. Mukaitulutsa dikirani ola limodzi kapena awiri musanatsegule kachitini kuti isachite thukuta. Ngati m'bale wanu akukubweretserani pa ndege muuzeni asaike m'sutikesi yopita pansi, anyamule m'manja ndipo apemphe kuti aiyang'ane pamanja, chifukwa makina atsopano a CT a m'mabwalo ena a ndege amaononga filimu ngakhale itadutsa kamodzi kokha.